Theka kaye, ndipo ya server ikhale payokha

Achimwene, kasitomala amene akufuna kuti mumupangire webusaiti musamuyambire ntchito asanalipire theka la ndalama. Ndalama ya hosting (lendi ya server, kompyuta yosunga webusaiti pa intaneti) ndi domain (dzina la webusaitiyo pa intaneti) muilembe payokha, osaisakaniza ndi ya thukuta lanu, ndipo mugwirizane kuti imeneyo idzasintha kwacha ikagwa.

Ine zinandigwera mu Novembala 2023, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndinali nditagwirizana ndi makasitomala mtengo umodzi wa chaka chonse. Eni server kunja za kwacha yathu alibe nazo ntchito, mwezi ukatha amangodula madola awo pa khadi. Ndinakhala miyezi ndikuonjezera ya m'thumba kuti mawebusaiti a anthu asazime, kunyumba ndiwo zili bonya m'mawa ndi madzulo.

Za thekalo musachite nazo manyazi. Munthu amene sanatulutse kalikonse ndiye amaimba foni pakati pa usiku kuti batani lisinthe mtundu, mawa lake akuti akazi awo logo sinawasangalatse. Mukamaliza, "ndikuponyerani pa Mpamba mawa" amasanduka mawa la miyezi itatu, inu bandulo mukugula nokha.

Ngati ndi kampani yaikulu kapena bungwe, loya aone mgwirizano musanasaine, makamaka ndime yonena mwini wake wa code (pulogalamu ya webusaiti imene mwalemba) ndi ya kusintha kwa kwacha ija, poti nkhani za madola zili ndi malamulo ake. Za msonkho umene amadula asanakulipireni, funsani akauntanti wodziwa za MRA.