"Pull the plug" ndi anzake: Chingerezi cha pamsonkhano pulojekiti ikamakanika

Funso: Aphungu, ndamaliza dipuloma ya zamalonda ndipo ndikuphunzira ntchito pa kampani ina ku Blantyre. Sabata yatha tinali pamsonkhano wokambirana za pulojekiti yogulitsa katundu kudzera pa foni, yomwe yadya ndalama zambiri koma makasitomala ake ndi owerengeka. Wina anati "let's cut our losses", wina "that's a sunk cost", winanso n'kutchula "pivot". Abwana atandifunsa maganizo anga ndinangoti kakasi. Kodi mawuwa amasiyana bwanji, ndipo ine wamng'ono pantchito ndinganene chiyani?

Yankho: Mwachita bwino kufunsa, achemwali. Tiyambe ndi "sunk cost", poti mawu enawo atsamira pamenepa. Izi ndi ndalama, nthawi ndi mphamvu zomwe zalowa kale m'ntchito ndipo sizingabwezedwe, kaya mupitirize kaya musiye. Makolo athu anazindikira kale: madzi akatayika saoleka. Vuto ndi lakuti mtima wa munthu suvomereza msanga. Timati, "Tawononga kale mamiliyoni, tingasiye bwanji pano?" Ndiye timathiramo zina. Kulakwitsa kumeneku amakutcha "sunk cost fallacy", ndipo kuthira ndalama zatsopano m'dzenje lomwe lameza kale zina ndiko "throwing good money after bad".

Nkhani ya ndege ya Concorde imatchulidwa kwambiri pophunzitsa zimenezi, mpaka ena amangoti "Concorde fallacy". Maboma a Britain ndi France anagwirizana mu 1962 kupanga ndege yothamanga kuposa liwiro la phokoso. Inauluka koyamba mu 1969 n'kuyamba kunyamula anthu mu 1976, ndipo ulendo wa London mpaka New York inkautha m'maola atatu ndi theka. Luso linalipo ndithu. Koma mtengo wopangira unakwera kangapo kuposa umene anawerengera, makampani a ndege omwe anasonyeza chidwi poyamba anabwerera m'mbuyo, ndipo zinapangidwa 20 zokha. Kale kunali kutaoneka kuti ndalamazo sizidzabwerera, komabe maboma anapitiriza, mwa zina chifukwa cha zomwe anali atawononga kale ndi manyazi osiyira panjira. Ndegezi zinaleka kuuluka mu 2003. Choncho munthu akati "that's a sunk cost", akutanthauza kuti tisayang'ane zomwe zapita, tiwerengere zomwe tidzawononge ndi zomwe tidzapeze kuyambira lero.

Mawu otsalawo muziwaona ngati masitepe, chifukwa kusiya ntchito kuli ndi milingo. "Put on hold" ndi kuimitsa kaye, pali chiyembekezo chodzayambiranso. "Scale back" ndi kuchepetsa, monga kugulitsa m'mzinda umodzi m'malo mwa itatu. "Wind down" ndi kutseka pang'onopang'ono, mukulipira ngongole ndi kudziwitsa makasitomala. "Cut our losses" ndi kuvomera kuti taluza, tiime pompano tisanaluze zambiri. "Pull the plug" ndi kuzimitsiratu kamodzi n'kamodzi, ngati kuzula pulagi pakhoma. Mawu akuti "pull the plug" amenewa ndi olimba, ndipo amayenera m'kamwa mwa amene ali ndi mphamvu zolamula. Inu musawatchule pamaso pa abwana, makamaka ngati pulojekitiyo anaiyambitsa ndi iwowo.

"Pivot" ndi nkhani ina, ndipo ndimaona achinyamata ambiri akuligwiritsa ntchito molakwika. Sikusiya ayi, ndi kutembenuka: kutenga chomwe chikuyenda bwino m'ntchito yokanikayo n'kumangapo china. Kampani ya Stewart Butterfield inapanga masewera a pa intaneti otchedwa Glitch, omwe sanakope anthu okwanira ndipo anatsekedwa mu 2012. Koma antchito ake anali atadzipangira njira yotumizirana mauthenga muofesi, ndipo njirayo ndi imene inasanduka Slack, pulogalamu yomwe makampani ambiri amagwiritsa ntchito potumizirana mauthenga pantchito. Apa ndiye "pivot" yeniyeni. Ngati palibe chilichonse chopulumutsa, kutchula "pivot" kumangokhala kuopa kunena kuti zakanika.

Kwa anthu a akaunti mudzamva "write-down" ndi "write-off". Loyambalo ndi kutsitsa mtengo wa katundu m'mabuku, lachiwirilo ndi kuufafaniziratu kuti ulibenso mtengo. Foni ya Amazon yotchedwa Fire Phone itakanika kugulidwa mu 2014, kampaniyo inalemba m'mabuku kuti yataya madola 170 miliyoni, n'kuisiya chaka chotsatira.

Tsono inu munene chiyani? Langizo langa ndi lakuti munthu watsopano pantchito amalemekezeka ndi funso labwino kuposa chigamulo. Kukhala chete nakonso sikuthandiza, paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mutha kufunsa kuti, "Is the project still viable?", kutanthauza kuti kodi ingathe kudziimira payokha. Kapena, "When do we expect to break even?", ndiye kuti ndi liti pamene zolowa zidzafanane ndi zotuluka. Funso lomwe ine ndimalikonda kwambiri ndi la "opportunity cost": kodi ndalama ndi anthu amenewa akanatipindulira chiyani tikanawaika pa ntchito ina? Mlimi amalidziwa bwino funsoli. Munda womwe wabzalamo fodya sangabzalemonso soya nyengo yomweyo, ndiye phindu la soyalo ndi mtengo wobisika wa fodyayo.

Akakukakamizani kuti mupereke maganizo anu, yankhani mofatsa ndipo muikepo malire: "I would recommend that we put it on hold for three months, and wind it down if sales do not reach the target." Mwatchula nthawi, mwatchula muyeso, simunaloze munthu chala. Chiganizo chotere chimathandizanso pa intavyu, pomwe amakonda kufunsa za nthawi imene munasiyapo ntchito yomwe sinkayenda.

Msonkhano wina usanafike, pitani kwa a akaunti mukapemphe mwaulemu manambala awiri okha: ndalama zomwe pulojekitiyo ikudya pamwezi, ndi zomwe ikubweretsa pamwezi. Muwalembe papepala pamodzi ndi mafunso atatu aja, muwayeseze kunena mokweza kunyumba, kenako mukalowe nalo pepalalo mumsonkhano.