Mwandifunsa za Windows 7 yanu, koma ndilole ndiyambire pa XP

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi mwa owerenga. Akuti ali ndi laputopu yomwe anagula mu 2012, ya Windows 7, ndipo mpaka lero sinawakhumudwitsepo. Vuto ndi anzawo, omwe tsiku lililonse amawauza kuti aitaye chifukwa yakalamba. Ndiye anandifunsa zinthu ziwiri. Choyamba, mwa ma operating system onse omwe ndagwiritsapo ntchito, ndi iti yomwe inandifika pamtima, kale ndi lero. Chachiwiri, atani ndi laputopu yawoyo.

Zikomo kwambiri pondilembera. Funso lanuli landikumbutsa kutali, ndipo ndikuyankhani mosabisa mawu.

Kwa amene sadziwa, operating system ndi pulogalamu yaikulu yomwe imadzuka mukangoyatsa kompyuta. Ndi imene imagawa ntchito pakati pa kiyibodi, sikirini, diski ndi mapulogalamu ena onse. Ambiri timangoti sisitimu, ndipo ndi mawu amene ndigwiritse ntchito pano.

Ine ndinayambira pa MS-DOS, sisitimu yomwe inatuluka mu 1981. Munalibe zithunzi, munalibe chodina. Sikirini inkangokhala bii, kenako pakona pamaoneka C:\> ndi kamzere kophethiraphethira kodikira kuti ulembe. Ukalemba "dir" imakuonetsa mafayilo ako. Ukalakwitsa chilembo chimodzi, imakukanira. Dzina la fayilo silinkapitirira zilembo 8, moti umachita kulidula mpaka kutsala chinthu chomwe mawa lake iwe mwini sukuchizindikira. Ntchito tinkasunga pa kadiski ka 1.44 MB, komwe chithunzi chimodzi cha foni yanu ya lero sichingakwanemo. Sindinganene kuti DOS ndinkaikonda, koma ndimailemekeza, chifukwa inandiphunzitsa kuti kompyuta imachita zomwe waiuza, osati zomwe umaganiza mumtima.

Windows 95 ndi imene inabweretsa batani la Start ndi mayina aatali a mafayilo. Tsiku lomwe ndinatha kulemba dzina lonse la fayilo, mawu anayi osadula, ndinamva ngati andimasula chingwe m'manja.

Koma ya pamtima panga ndi Windows XP. Inatuluka mu Okutobala 2001, ndipo ndikatseka maso ndimakaonabe kaphiri kobiriwira kaja ndi mitambo yoyera pamwamba pake, mzere wabuluu m'munsi, ndi batani la Start lobiriwira. Chomwe ndinaikondera si kukongola kokha ayi. XP inali yodekha. Masisitimu apanyumba a m'mbuyo mwake, pulogalamu imodzi ikazunguzika, kawirikawiri kompyuta yonse imauma, basi uzimitse. XP inamangidwa pa maziko a Windows NT, omwe poyamba anali a makompyuta a m'maofesi, ndiye pulogalamu ikauma umangodina Ctrl, Alt ndi Delete, n'kuitseka yokhayo, ntchito n'kumapitirira. Inalinso yosadya zambiri: RAM (malo omwe kompyuta imasungamo kwakanthawi zomwe ikugwirapo ntchito) ya 128 MB inali yokwanira kuti iyende. Yerekezani ndi Windows 11 yomwe imafuna 4 GB poyambira penipeni.

Pa XP ndi pamene ndinaphunzirira kufukula m'kati mwa kompyuta mopanda mantha. Ndinkadziwa pomwe chilichonse chimakhala, ngati mmene munthu amayendera m'nyumba mwake usiku osayatsa nyale. Ndi pomweponso ndinalumidwa koyamba ndi vairasi. Ndinalowetsa fulashi yobwereka, ndipo pasanathe ola mafoda anga onse anali atasanduka timivi tolozera kopanda kanthu. Ndinakhala usiku wonse ndikusaka ntchito ya miyezi itatu, mtima uli phaphapha. Mwamwayi mafayilo anali atangobisidwa, sanafufutidwe. Kuchokera tsiku limenelo chilichonse chofunika ndimachisunga pawiri.

Windows 7 yanuyo, yomwe inabwera mu 2009, ndimaiona ngati XP itakula n'kukhwima nzeru. Inabweretsa zinthu zing'onozing'ono zomwe lero timangoziona ngati zinalipo kuyambira kale, monga kukhomerera pulogalamu pa mzere wa m'munsi, kapena kukokera mawindo awiri m'mbali kuti agawane sikirini pakati. Choncho mukamati mumaikonda, ndikukumvetsani bwino lomwe. Anthu ambiri anaikakamira, makamaka Windows 8 itatuluka mu 2012 yopanda batani la Start lija.

Za Mac ndingodutsapo. Ndinagwirapo Snow Leopard ya 2009, inali yaukhondo ndi yachangu, koma sisitimu ya Apple imayendera limodzi ndi makina a Apple, ndiye sikuthandizani pa laputopu yanu.

Tsopano ku funso lachiwiri, ndipo apa ndilankhula molimba pang'ono chifukwa ndikukufunirani zabwino. Anzanuwo akulakwitsa ponena kuti mutaye laputopu, koma pa za Windows 7 akunena zoona. Microsoft inasiya kutumiza zigamba zachitetezo za Windows 7 pa 14 Januwale 2020, monga inachitira ndi XP mu Epulo 2014. Tanthauzo lake ndi ili: sisitimu iliyonse imakhala ndi timing'alu tomwe akuba a pa intaneti amatulukira pakapita nthawi. Sisitimu ikakhala kuti ikusamalidwabe, eni ake amamata mng'aluwo. Ikasiyidwa, mng'alu umakhala chitsegukire mpaka kalekale, ndipo akuba amaudziwa. Kompyuta imaonekabe ya bwinobwino, imayaka, imalemba, imaimba nyimbo. N'chifukwa chake anthu savomereza msanga kuti pali ngozi.

Kumbukirani zomwe zinachitika mu Meyi 2017, pomwe vairasi yotchedwa WannaCry inafalikira m'mayiko ambiri, n'kumatseka mafayilo a anthu ndi kufuna dipo. Ngakhale zipatala za ku Britain zinakhudzidwa. Chigamba chotseka mng'alu womwe inkalowera chinali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho, ndipo omwe anachiika anapulumuka. Inuyo lero, chigamba chotero sichikubwereraninso. Onjezerani apo kuti Chrome, pulogalamu yolowera pa intaneti, nayo inasiya Windows 7 kumayambiriro kwa 2023. Ngati pa laputopu imeneyo mumalowera ku banki kapena ku imelo, pasiwedi yanu ili pa mtetete.

Mwina mukuganiza zokwera pa Windows 10. Nayonso nthawi yake yosamalidwa inatha pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna purosesa (ubongo wa kompyuta) yatsopanoko ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, zomwe laputopu ya 2012 ilibe.

Apa ndi pomwe ndikuuzeni za sisitimu yomwe ndimaikonda lero, Linux Mint. Linux inayambidwa mu 1991 ndi Linus Torvalds, pomwe anali wophunzira pa yunivesite ku Helsinki, m'dziko la Finland. Anaiika poyera kuti aliyense aione, aikonze, aigawire anzake mwaulere. Mwina simudziwa, koma ngati foni yanu ndi ya Android, mtima wake ndi Linux yomweyo. Ine ndinaidziwira pa Ubuntu, mtundu umodzi wa Linux womwe Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004. Dzinalo linandigwira mtima ndisanaiyatse n'komwe, chifukwa ubuntu ndi umunthu womwewu. Ndipo ankachitadi zogwirizana ndi dzinalo: kwa zaka zingapo ankatumiza ma CD ake pa positi kwa aliyense wopempha, kulikonse padziko, osalipiritsa.

Linux Mint inamera pa Ubuntu, koma maonekedwe ake ndi oti munthu wochokera ku Windows 7 sasochera. Menyu ili pakona ya kumanzere m'munsi, wotchi kumanja, mafoda pamalo pake. Mtundu wake wa Xfce ndi wopepuka, umayenda bwino pa RAM ya 4 GB. Ndili nayo pa laputopu yausinkhu wofanana ndi yanu, ndipo ndi yomwe ndikulembera yankho lino. Ndinangochotsamo diski yakale n'kuikamo SSD, diski yamakono yachangu, ndipo tsopano ndikaiyatsa imadzuka ndisanakhazikike bwino pampando.

Ndisakunamizeni kuti zonse ndi zosalala. Microsoft Office ndi Photoshop sizikhala pa Linux mwachindunji. LibreOffice, yomwe imagwira ntchito ngati Microsoft Office, imabwera ili kale m'katimo ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, koma chikalata chokhala ndi matebulo ambiri nthawi zina chimasokonekera maonekedwe. Mapulinta ena amafunanso kuwanyengerera. Ngati pali pulogalamu yomwe ntchito yanu imadalira, ndipo imayenda pa Windows yokha, musafulumire kufufuta Windows 7. Isungeni, koma muichotse pa intaneti kotheratu, Wi-Fi yozima, ndipo musamailowetse mafulashi achilendo.

Ubwino wake simukuyenera kulumpha m'madzi musanawayese kuya. Koperani Linux Mint pa webusayiti yake, muiike pa fulashi ya 8 GB, muyatse laputopu kuchokera pa fulashiyo. Iyenda osakhudza kalikonse pa diski yanu, ngakhale izichedwerako pang'ono. Musanatero, koperani kaye zithunzi ndi zikalata zanu zonse pa diski ina. Mukalowa, yesani zinthu zitatu: Wi-Fi ikugwira, mawu akumveka, pulinta ikusindikiza. Kenako mundilemberenso, mundiuze RAM yomwe laputopu yanu ili nayo ndi mapulogalamu omwe simungakhale opanda, tione limodzi ngati muiike yokha kapena pambali pa Windows 7 yanu.