Funsani Abusa: Kodi kukayikira chozizwitsa ndi tchimo?

Funso: Abusa, pa msonkhano wa chitsitsimutso kuno mneneri anapempherera apongozi anga n'kuwauza kuti shuga yatha, asiye jakisoni. Nditati tikayezetse kaye kuchipatala, anzanga a kumpingo akuti ndilibe chikhulupiriro. Ndalakwa? Mayi wa ku Mponela.

Yankho: Mayi, simunalakwe. Mawa lomwe pitani nawo akayezedwe, ndipo jakisoniyo asasiye mpaka adokotala anene.

Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa. Koma tsegulani Luka 17:14. Yesu anauza akhate khumi aja kuti akadzionetse kwa ansembe, omwe malinga ndi Levitiko 14 ndiwo ankaona ngati khate lathadi. Mwini wakeyo sanaope kuti ntchito yake ipimidwe, nanga mneneri wanuyo akuopa chiyani?

Ku Lourdes, malo a m'dziko la France omwe Akatolika amapitako kukapemphera, anthu zikwizikwi akhala akunena kuti anachira, koma Akatolika amayamba apereka nkhaniyo kwa madokotala, nthawi zina kwa zaka, ndipo zomwe anavomereza kuti n'zozizwitsa sizinafike 100. Yerekezani ndi zija za ku Johannesburg mu 2019, m'busa wina atadzutsa munthu "wakufa" m'bokosi pa kamera, eni makampani a maliro n'kudandaula kuti anapusitsidwa.

Alaliki anzanga ena amaganiza kuti popanda zizindikiro anthu sangatembenuke. Yohane Mbatizi sanachite chozizwitsa chilichonse (Yohane 10:41), koma ku mtsinje wa Yordano kunkadzaza anthu. Anzanuwo akavutanso, awerengereni Mateyu 7:22-23, ndipo apongoziwo muziwapempherera muli nawo pa mzere wa kuchipatala.