Masilinda a gasi musaike m'sitolo

Asisi, mwafunsa kogula masilinda awiri a 48kg okazingira tchipisi pa Kamuzu Road ku Salima komanso ngati mungamasunge m'sitolo, ine ndiyankha zosungazo. M'kachipinda kaufa ndi mafutako musaikemo chonde. Gasi ameneyu mkati mwa silinda amakhala wamadzimadzi, mukagwedeza mumachita kumumva, ndipo kukatentha amafufuma nchifukwa chake odziwa ntchito amadzaza kulekeza cha pa 80 peresenti kuti pamwamba patsale mpata. Nde taganizani kutentha kwa Salima mu Okutobala, kachipinda kamalata kopanda windo.

Mlamu wanga anakadzazitsa kwa munthu wina wongothira kuchokera m'silinda ina popanda sikelo, ati nkotchipa, anamudzazira mpaka pakamwa. Masana dzuwa lili paliwombo, silinda ili m'kachipinda, valavu inayamba kulira tsiii chitseko chili chotseka, mmene amatsegula fungo lake lochita kutsamwitsa, pomwe mbaula yamakala ikuyaka pakhonde pomwepo. Anangotetezedwa ndi Mulungu. Gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya, sakwera m'mwamba, amayenderera pansi nkukadikha m'ngalande kapena pamalo potsika ndiye kamoto kakang'ono basi zatha.

Uzani owotcherera akupangireni kakhola kazitsulo panja pamthunzi popita mphepo, pansi pakhale pasimenti posadikha madzi kuti kunsi kusachite dzimbiri, silinda iziima chilili yomanga ndi tcheni. Achimwene ena anena kuti muziigoneka ikamatha kuti gasi atuluke yense aja musawamvere, mukagoneka chimapita ku regulator, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi potuluka, ndi chamadzi chija ndipo moto wake simungaulamulire. Zoyesera machesi ngati ikutuluka nazonso ayi, pakani thovu la sopo pa valavu ndi polumikizira paipi, mukaona likufufuma tsekani pompo.

Gasi amagulitsa pa kilo, mtengo amalengeza ndi a MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, mafuta ndi gasi, ndipo umasinthasintha, ndalama za silinda yake ndi zapadera. Pogula muziona akuyeza pasikelo inu muli pomwepo.

China, ngati muli moyandikana ndi owotcherera, silinda yawo ya oxygen isayandikane ndi zanuzo, ndipo anyamata anu asamaigwire ndi manja amafuta okazingira aja, oxygen ikakumana ndi mafuta kapena girizi imatha kubutsa moto popanda machesi.