Kodi ufulu wa anthu akuda adaubweretsa ndi azungu okha?

Funso: Akonzi, ine ndine mphunzitsi wa ku Linga, m'boma la Nkhotakota. Ndikapita ndi ana pa mkuyu pomwe David Livingstone adakumana ndi Jumbe, mfumu yomwe inkachita malonda a akapolo, anawo amabwerako akuganiza kuti munthu wakuda adangokhala chete kudikira mzungu kuti amuwombole. Ndiziwauza chiyani?

Yankho: Aphunzitsi, pa mkuyupo musaleke kupitapo, koma muziwauza anawo kuti zokambirana za awiriwa sizidathetse malonda a akapolo, pakuti zombo zidapitirirabe kuwolotsa anthu panyanja, ulendo wa ku Kilwa, doko la ku Tanzania wa lero, mpaka m'zaka za m'ma 1890. Ukapolo utatha kudabwera thangata, ndipo amene adalimba mtima kutsutsa nkhanza zimenezi adali mwana wa dziko lino, mbusa John Chilembwe.

Chilembwe adapita ku America mu 1897, nakaphunzira ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, pa sukulu ya Abaptisti akuda, omwe ambiri mwa iwo makolo awo adali akapolo. Atabwerera mu 1900 adakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu, ndipo odzamuthandiza adali amishoni akuda a ku America komweko, a Landon Cheek ndi mayi Emma DeLaney. Mu 1914 adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akukafera nkhondo yomwe si yawo, nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Chimandipweteka mtima n'chakuti ambiri timangokumbukira kuukira atsamunda komwe adatsogolera pa 23 Januwale 1915, n'kuiwala kuti munthuyu adayamba ndi sukulu ndiponso cholembera.

Chilembwe ataphedwa, tchalitchi chake chidagwetsedwa, koma Daniel Malekebu, yemwe adaphunzitsidwa ndi mayi DeLaney nakamaliza maphunziro a udokotala ku America, adadzatsegulanso mishoniyo mu 1926. Chaka chomwecho Carter G. Woodson adayambitsa ku America sabata yokumbukira mbiri ya anthu akuda, yomwe lero idakula n'kukhala mwezi wonse wa Febuluwale.

Popeza pa 15 Januwale, tsiku lokumbukira Chilembwe, sukulu zimakhala zotseka, konzani phunziro la Chilembwe tsikulo lisanafike, ndipo mupemphe agogo a ku Linga komweko adzafotokozere ana zomwe adamva kwa makolo awo za nthawi ya Jumbe.