Felemu ya kathalakitala yang'aluka kachitatu: kodi mpofunika kuwotchereranso?

Bambo wina wa ku Katete wanditumizira imelo pamodzi ndi zithunzi. Ali ndi kathalakitala kakang'ono ka injini ya dizilo ya silinda imodzi, kamene anagula katagwira kale ntchito zaka zambiri. M'chilimwe amalimira kudimba, ndipo nthawi yokolola amakamangirira ngolo n'kumatuta chimanga ndi nsawa. Felemu yake inang'aluka pafupi ndi pamene pamakhala injini. Anaipereka kwa owotcherera kawiri, ndipo maulendo onse awiri yang'alukanso, osati pamsoko penipeni koma m'mbali mwake. Akufunsa ngati awotcheretsenso kapena angokagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha.

Bambo, musakagulitse. Monga ndaonera pazithunzi zanu, felemu imeneyi ikhoza kukonzeka n'kukutumikiraninso. Zimandiwawa ndikaona makina amene injini yake ikadali bwinobwino akupimidwa pa sikelo chifukwa cha mng'alu umodzi. Koma mukaiperekanso kuti angoimata pamwamba ngati kale, idzang'alukanso chimanga chisanafike m'mawondo.

Chitsulo siching'aluka popanda chifukwa. Injini ya silinda imodzi imanjenjemera kwambiri, ndipo mabawuti oigwira akangokhwepa pang'ono, imayamba kumenya felemu pamalo amodzimodziwo tsiku lonse. Pachithunzi chanu chachiwiri ndikuona kuti bowo lina la bawuti lakula, silikuonekanso lozungulira, ndipo m'mbali mwake muli fumbi lofiira la dzimbiri. Fumbi limenelo limabwera pamene zitsulo ziwiri zikukhulana. Mng'alu wanu unayambira pamenepo. Wonjezani ngolo yodzaza matumba a makilogalamu 50 pamsewu wa mabampu, komanso fetereza, kaya ndi D compound kaya urea, amene amatayikira m'makona n'kumadya chitsulo akanyowa. Owotcherera aja anatseka mng'alu, koma chong'alula anachisiya chili pomwepo.

Yambani ndi kutsuka. Chotsani matope, girizi ndi penti mpaka chitsulo chiwale. Kenako pakani palafini pamalo onsewo, dikirani pang'ono kuti alowe, pukutani bwino, ndipo pakanipo choko chosungunula m'madzi. Chikauma, gogodani felemu ndi hamala pang'onopang'ono. Palafini amene analowa m'mng'alu amatuluka n'kujambula kamzere kakuda pa choko choyeracho, ndipo nthawi zambiri mudzapeza kuti mng'alu ndi wautali kuposa umene maso amaona. Pamene kamzereko kathera, mbali zonse ziwiri, boolani kabowo ka mamilimita 5 kapena 6. Timabowo timeneti ndi timene timaletsa mng'alu kupitirira. Anthu ambiri amadumpha ntchito imeneyi chifukwa imaoneka ngati yotaya nthawi.

Dziwaninso mtundu wa chitsulo. Khudzitsani girayinda pakona. Chitsulo wamba chofewa chimatulutsa mbaliwali zazitali zowala, pamene cha kasiti, chitsulo choumbidwa m'chikombole, chimatulutsa zazifupi zofiirira. Mafelemu ambiri a timathalakitala totere ndi a chitsulo wamba, ndipo chimawotchereka mosavuta. Kasiti, amene amapezeka kwambiri pa chikopa cha giyabokosi, ndi nkhani ina: amafuna marodi a nickel, kutenthetsa kaye, ndi kuziziritsa pang'onopang'ono m'mchenga wouma kapena m'phulusa. Ngati mng'alu walowa mpaka kumeneko, pamene pamakhala mabering'i, ine ndingakulangizeni kufunafuna chikopa china chochokera ku makina akufa.

Moto usanayake, chotsani thanki ya mafuta muiike kutali. Thanki yopanda mafuta musaikhulupirire, mpweya wotsalira m'katimo umayaka. Masulani batire ngati lilipo. Owotcherera amange waya wa efi pafupi ndi pamene akuwotcherera, kuti magetsi asadutse m'mabering'i n'kuwawononga. Makinawo akhale pa zipika zolimba, osati pa jeke yokha. Ndipo ana muwathamangitse, chifukwa amakonda kuyang'anitsitsa kuwala kuja, usiku n'kumalira maso akuwawa.

Chotsani injini, ndipo yezani felemu mopingasa ndi tepi kapena chingwe, kuchokera pakona yakutsogolo kumanzere kufika yakumbuyo kumanja, kenako mbali inayo. Miyezo iwiriyi ikasiyana, felemu ndi yopindika, ndipo muyenera kuiwongola kaye ndi jeke ndi tcheni. Mukaiwotcherera ili yokhota, malamba azidzangotha mbali imodzi.

Tsopano pa kuwotcherera kwenikweni, pamene ndikufuna muime pompo n'kumaona ndi maso anu. Zomata zakale zonse zichoke ndi girayinda. Mng'alu aukumbe ukhale kangalande kooneka ngati V, kuti moto ulowe mpaka pansi. Marodi a 6013 ndi amene amapezeka paliponse muno mu Chipata, ndipo amagwira ntchito, koma pa felemu yonjenjemera ngati yanuyi a 7018 ndi olimba koposa, malinga akhale ouma ndiponso makina akhale ndi mphamvu yowayatsa. Kajenereta kofooka kamangounjika chitsulo pamwamba osalowa m'kati. Awotcherere pang'onopang'ono, masentimita 3 kapena 4, n'kusiya, n'kugogoda makoko, n'kuyambira mbali ina, kuti kutentha kusakoke felemu. Ngati kuseri kukufikika, awotcherereko nakonso. Chonde, asathirepo madzi kuti pazizire msanga. Chitsulo chozizira mwadzidzidzi chimauma mtima n'kumathyoka m'mbali mwa msoko, ndipo ndikukayikira kuti zimenezi zinachitikapo pa yanuyi.

Msoko ukatha, auphwetse ufanane ndi felemu, ndipo aikepo chigamba chachitsulo. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, poganiza kuti chitsulo chikakhala chochindikala kwambiri ndiye kuti ntchito yalimba. Mukasokerera chigamba cha tenti pa malaya akutha, malayawo amang'ambika m'mbali mwa chigambacho. Felemu imapindika pang'onopang'ono ikamagwira ntchito, ndipo chigamba chouma gwa chimakankhira mphamvu yonse kumapeto kwake. Choncho chikhale chochindikala mofanana ndi felemu, chipitirire mng'alu ndi masentimita 10 kapena 15 mbali iliyonse, ndipo mapeto ake akhale osongoka, osati odulidwa mowongoka. Msoko wodutsa felemu molunjika kuchokera pamwamba mpaka pansi ndi umene umayambitsa mng'alu watsopano. Aboole mabowo angapo pa chigambacho n'kuwadzaza ndi moto, kuti chigwire ndi pakati pomwe.

Bowo la bawuti lomwe linakula lija alitseke n'kuboolanso pamalo pake. Mabawuti akale tayani, gulani atsopano olembedwa 8.8 pamutu, ndi mawashala a sipuling'i kapena manati awiriawiri. Ngati injini inkakhalira pa mphira, onani ngati sizinaphwanyike.

Pali nthawi imene chigamba sichithandiza. Mukagogoda ndi nsonga ya hamala chitsulo n'kumabonyoka kapena kuboboka, dzimbiri lachidya kale, ndipo moto ungochiboola. Pamenepo adule gawo lonse lowolalo aikepo chitsulo chatsopano cha muyezo womwewo. Pazithunzi zanu sindikuona zoterozo, koma yesani ndithu, makamaka m'makona apansi momwe mumakhazikika matope.

Mukamaliza pakani red oxide, penti yoletsa dzimbiri, kenako penti yowala, yoyera kapena yachikasu, kuti kamng'alu kakayambanso kaoneke msanga. Tsiku loyamba kagwiritseni ntchito yopepuka, madzulo mumangenso mabawuti onse, ndipo muziwayesa ndi sipanala sabata iliyonse. Pa ngolo chepetsani matumba, ndipo katundu asalemerere kutsogolo kwa ngoloyo, chifukwa kulemera konseko kumagwera pa chokokera ndi felemu.

Chitani zimenezi mvula ya mu Novembala isanagwe, ndipo ngati mungathe pitani mwezi wa Okutobala usanafike, pamene owotcherera sanadzaziridwe ndi makasu a ng'ombe ndi ngolo za anthu. Munthu amene ali ndi mzere wa makasitomala pakhomo sangakhale ndi mtima woboola timabowo n'kumadikira chitsulo kuti chizizire chokha. Munditumizirenso chithunzi cha kunsi kwa chokokera ngolo, chifukwa pazithunzi zanu malo amenewo sakuoneka, ndipo ndi pamalo pena pamene mafelemu otere amakonda kung'aluka.