Kodi pulogalamu ya HR ingathandize kuti antchito atsopano azikhazikika? Yankho kwa mayi wa ku Kasungu

Mayi wina amene amayang'anira za antchito pa kampani yogula mbewu ku Kasungu wanditumizira imelo. Ofesi yawo yaikulu ili paboma, madepoti ali ku Santhe, ku Chinkhoma ndi ku Nkhamenya. Antchito okhazikika alipo pafupifupi 40, koma nyengo yogula soya ndi mtedza ikafika amalemba makalaliki a pasikelo, alonda ndi onyamula matumba. Dandaulo lawo ndi lakuti atsopano sakhalitsa: ena amachoka mwezi wachiwiri usanathe, malipiro oyamba amachedwa, mafayilo amasowa. Wogulitsa wina wa ku Lilongwe wawaonetsa pulogalamu ya HR (ya pakompyuta ndi pafoni yoyang'anira za antchito), ndiye akufunsa ngati agule.

Mayi, pa mavuto atatu mwatchulawo, ine ndaona limodzi lomwe likubala anzakewo: malipiro oyamba. Pulogalamu iliyonse imene angakuonetseni, muiyese ndi funso ili: kodi munthu amene wayamba ntchito ku Nkhamenya pa 10 adzalandira ndalama yake pakutha pa mwezi womwewo? Ngati ikuthandiza pamenepo, gulani. Ngati chokoma chake ndi mavidiyo olandirira alendo ndi zithunzi zokongola basi, isiyeni.

Taonani mmene zimachitikira. Kalaliki watsopano walemba fomu pamanja kudepoti. Fomuyo ikudikira lole yopita kuboma, ndipo ikufika patapita masiku, itapindidwa m'thumba la dalaivala. Nambala ya akaunti yalembedwa mosaoneka bwino, 1 akuoneka ngati 7. Fotokope ya chiphaso cha unzika palibe. Mukamamuimbira foni, ndandanda wa malipiro watsekedwa kale, a akawunti akuti adikire mwezi wamawa. Mnyamatayo wachita lendi kachipinda pamsika, wakongola ufa kugolosale, mwina wafika kale kwa a katapila. Munthu wotere mtima sukhala pasikelo, ndipo wina akamukopa ndi ndalama ya pamanja, amapita. Inu muofesi mumangoti achinyamata a masiku ano sapirira.

Apa ndiye pamene pulogalamu imagwira ntchito yeniyeni. Fomu imadzazidwa pafoni tsiku lomwelo, chiphaso chimajambulidwa pomwepo, ndipo fomuyo siitumizika ngati malo a akaunti ya kubanki, Airtel Money kapena Mpamba ali opanda kanthu. Inu muli paboma mumaona kuti wakuti wayamba lero, chatsala ndi siginecha ya bwana. A akawunti amaona zomwezo nthawi yomweyo, palibe kunamizirana kuti pepala linali kwa uje.

Chachiwiri chimene makina amatiposa ndi kukumbukira masiku. Lamulo la ntchito la 2000 limati wolemba ntchito amene ali ndi antchito osachepera asanu apereke kwa aliyense chikalata chofotokoza ntchito yake pasanathe mwezi umodzi chiyambireni. M'chikalatamo mukhale tsiku loyamba, malipiro ndi nthawi yolandirira, mtundu wa ntchito, maola, za kathetsedwe ka ntchito ndi malamulo a mwambo. Makampani ambiri amaphonya apa osati chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa nyengo ya msika aliyense amakhala pa liwiro. Mlandu ukafika ku ofesi ya leba kapena ku khoti la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court, chimene amayamba kufunsa ndi pepala lomwelo. Lamulo lomweli limati nthawi yoyesedwa kwa wantchito waluso isapitirire miyezi 12. Pulogalamu yabwino imakukumbutsani tsikulo lisanakwane kuti mumuuze munthu ngati wakhazikika, m'malo momusiya akuyenda ndi mantha. Masiku a tchuthi nawo aikidwe pachiyambi pomwe: 18 pachaka kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, 15 kwa wogwira masiku asanu.

Tsono wogulitsayo mumufunse za kwathu kuno. Kodi pulogalamuyo imawerengera PAYE ya MRA (msonkho wodulidwa pa malipiro), ndipo ndani amasintha manambala boma likasintha misonkho mu bajeti? Kodi imadula 5 peresenti ya penshoni kwa wantchito ndi kuonjezera 10 peresenti ya kampani, monga lamulo la penshoni likunenera? Nanga 1 peresenti ya TEVET, msonkho wa maphunziro a ntchito zamanja? Mapulogalamu odziwika akunja monga BambooHR ndi Zoho People amasunga bwino mafayilo, koma musangoganiza kuti misonkho ya Malawi ilimo kale. Komanso ambiri amalipiritsa m'madola, mwezi ndi mwezi, potengera chiwerengero cha anthu. Amene anali pa bizinesi mu November 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, akudziwa zimene bilu ya madola imachita usiku umodzi. Kwa inu olemba anthu a nyengo, funsani bwinobwino ngati wonyamula matumba wa miyezi itatu akuwerengedwa mtengo wofanana ndi wa manijala. OrangeHRM ili ndi mtundu waulere woika pakompyuta yanu, koma imafuna munthu wodziwa kuisamalira, ndipo munthuyo si waulere.

Musaiwale kumene anthu anu ali. Wogulitsa amaonetsa pulogalamu muofesi ya intaneti yothamanga. Muuzeni apite nanu kudepoti, ayese pafoni ya kapitawo, masana magetsi atazima, netiweki ikubwera ikupita. Alonda ndi onyamula matumba ambiri ali ndi mafoni a mabatani, choncho pafunika kuti kapitawo athe kuwalembetsa pafoni yake, iwo ali pomwepo akumva zimene akulemba. Ndipo kontirakiti ya Chingerezi chokhachokha, kaya ili papepala kaya pafoni, siithandiza munthu amene sakuimva. Ikani ya Chichewa, ndipo ku Nkhamenya pakhale wina wofotokoza m'Chitumbuka.

Pali zina zimene sindingavomere kuti muzisiyire makina. Kalaliki watsopano saphunzira pavidiyo kuona ngati sikelo yakhala pamalo osapendekeka, kuluma mtedza kuti adziwe ngati wauma, kapena kuyankhula ndi mlimi amene wakwiya chifukwa soya wake wabwezedwa. Izi amaziphunzira ataima pafupi ndi mnzake wakale. Timati safunsa anadya phula, koma watsopano amaopa kufunsa, poopa kuoneka mbuli. Mupatseni munthu mmodzi, wotchulidwa dzina, woti ayende naye sabata yoyamba, amuonetse kotunga madzi ndi kodyera nsima. Pulogalamu ingolemba kuti mnzakeyo ndi ndani, kenaka ikukumbutseni pakatha sabata ndi pakatha mwezi kuti muimbe foni nokha n'kufunsa kuti, "Zikuyenda bwanji kumeneko, ndalama yalowa?"

Nkhani ya nkhanza zokhudza kugonana pantchito ndiyo imandikhudza kwambiri. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa khalidweli ndipo limafuna kuti malo antchito akhale ndi ndondomeko yolimbana nalo. Mapulogalamu ambiri amangoika kabokosi koti munthu adine kuti wawerenga. Mtsikana amene watumizidwa kudepoti yakutali, kumene bwana wake ndi kapitawo yekha, kabokosiko sikamuteteza. Mumuuze pamaso, inuyo, nambala yoti aimbe, ndi kumutsimikizira kuti kudandaula sikumuchotsetsa ntchito.

Za chinsinsi nazo muzitengere pamtima. Zithunzi za ziphaso ndi manambala a akaunti zisamayende pa gulu la WhatsApp la kampani. Kuyambira 2024 tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, lomwe MACRA ndiyo imaliyang'anira. Aliyense akhale ndi pasiwedi yake, kapitawo wa ku Santhe aziona anthu ake okha, ndipo malipiro aziwaona inu ndi a akawunti basi. Wogulitsayo alembe mu mgwirizano kuti mukadzafuna kusiya pulogalamuyo, adzakupatsani zonse za antchito anu mu Excel popanda kulipiritsa kwina.

Musanalipire tambala, khalani pansi ndi a akawunti ndi makapitawo, mulembe papepala limodzi zonse zimene ziyenera kuchitika kuyambira tsiku limene munthu wauzidwa kuti walembedwa mpaka tsiku limene walandira malipiro oyamba, ndi dzina la wochita chilichonse. Mukalephera kugwirizana papepalapo, pulogalamu siikugwirizanitsani. Mukagwirizana, yesani kaye ndandandayo ndi Google Forms ndi Excel pa depoti imodzi, makamaka ya kutali kwambiri, msika usanatsegulidwe. Kenaka pemphani wogulitsayo mwezi umodzi woyesera pa depoti yomweyo, ndipo pakutha pa mweziwo muwerenge kuti ndi angati mwa atsopano amene alandira ndalama yawo tsiku limodzi ndi anzawo akale.